Kodi ndagula nyuzi kapena mndandanda wa mitengo ya m'sitolo?

Kamtedza
Abale ndithandizeni. Nyuzipepala imene ndinagula Lachisanu, masamba awiri apakati onse anali a sitolo imodzi: maketulo, mabulangete, mafuta ophikira, mitengo yolembedwa mofiira. Kutsegula kutsogolo, tsamba linanso lathunthu, sitolo ina. Nkhani ya kukhoti imene ndinagulira nyuziyo inali tindime tinayi pakona. Ndalama yanga ndikulipirira nkhani kapena mitengo ya maketulo? Ndipo khalidwe loti sitolo izigula tsamba lonse m'nyuzi anayambitsa ndani?

Dzombe
Kkkk pepani akulu. Ketulo mwaiona, tsopano kagulenitu.

MkuluWaInki
A Kamtedza, musapse mtima, koma zimene ndikuuzeni zikuwawani kuposa pamenepa. Ine ndinagwirapo ntchito yokonza masamba a nyuzipepala mu Blantyre muno, nthawi imene tinkadula nkhani ndi lezala n'kumazimata pa katoni. Tsamba silinkayamba ndi nkhani ayi. M'mawa anthu a ku ofesi ya zamalonda ankabweretsa timapepala toonetsa tsamba lililonse, atajambula mtanda paliponse pamene pagulidwa. Pamene pasala popanda mtanda ndiye pamene mkonzi ankathirapo nkhani. Sitolo ikaonjezera malo madzulo, nkhani ya mtolankhani tinkaidula kuyambira kumunsi mpaka ikwane, iye akudziwa mawa ataiona m'nyuzi. Ndalama imene mumapatsa mnyamata wogulitsa nyuzi pamphambano paja nthawi zambiri siikwanira pepala, inki, mafuta a galimoto ndi malipiro a anthu. Amene amalipira gawo lalikulu ndi wa maketuloyo.

Kamtedza
Ndiye kuti mlendo m'nyuzimo ndi nkhani, mwini nyumba ndi sitolo?

MphunzitsiOpuma
Funso lanu loti anayambitsa ndani lili ndi yankho, ndipo lili kutali ndi kuno. Poyamba nyuzipepala zinali zodula, zowerenga anthu achuma okha. Mu 1833 Benjamin Day anayambitsa nyuzi yotchedwa Sun ku New York n'kumaigulitsa senti imodzi pamene zina zinali pa masenti 6. Mu 1836 Émile de Girardin ku Paris anayambitsa La Presse, wolembetsa chaka chonse ankalipira mafranki 40 pamene nyuzi zina zinali pa 80. Onse awiri nzeru yao inali imodzi: tsitsa mtengo, owerenga achuluke, ndalama yotsalayo uitenge kwa otsatsa malonda.

Masitolo amene tikukamba anabwera pambuyo pake. Ndikunena sitolo imodzi yansanjika yokhala ndi zigawo, cha nsalu, cha nsapato, cha ziwiya, cha mipando, chilichonse ndi woyang'anira wake. Ku Paris kunali Le Bon Marché, imene Aristide Boucicaut analowamo mu 1852. Ku New York R. H. Macy anatsegula yake mu 1858. Ku Philadelphia John Wanamaker anagula malo akale osungirako katundu wa sitima yapamtunda n'kutsegulamo Grand Depot mu 1876. Masitolo amenewa ankadya phindu lochepa pa chinthu chimodzi, choncho kuti apindule katundu amayenera kutuluka msanga ndiponso wambiri. Anthu a mumsewu umodzi sakanakwanira, pamafunika mzinda wonse udziwe kuti mawa nsalu yakuti ili pa mtengo wakuti. Wailesi kunalibe. Chinthu chokhacho cholowa m'nyumba zambiri tsiku lililonse chinali nyuzipepala. Amene amatchulidwa kawirikawiri kuti anayamba kugula tsamba lathunthu ngati mwini sitolo ndi Wanamaker yemweyo, mu 1879.

Dzombe
Aphunzitsi mwayamba kalasi tisanaimbe nyimbo ya fuko.

Nachisale_Area25
Musiyeni alankhule inu, mwina mungatolepo kanthu. Koma Aphunzitsi, chifukwa chiyani anadikira mpaka 1879? Masitolo analipo, nyuzi zinalipo.

MphunzitsiOpuma
Mayi, eni nyuzi ndiwo ankakana. James Gordon Bennett wa New York Herald anali ndi lamulo loti aliyense wotsatsa malonda alembe ndi tizilembo ting'onoting'ono tofanana, m'danga limodzi lopapatiza, popanda zithunzi. Maganizo ake anali akuti wamalonda wamng'ono asaphimbidwe ndi wamkulu. Ochenjera anapeza njira yozembera: ena ankalemba mzere umodzi womwewo kambirimbiri kutsika nao danga lonse, ena ankasanja tizilembo tating'onoto mpaka tipange chilembo chimodzi chachikulu. Macy ankakonda kusiya malo oyera kuzungulira mawu ake kuti diso ligwere pamenepo. M'kupita kwa nthawi ndalama za masitolo zinakula moti lamulo linagonja, mizere yogawa madanga inayamba kudulidwa. Ku Britain kunalinso chopinga china, boma linkadula msonkho pa chilengezo chilichonse cha malonda m'nyuzi mpaka 1853.

MkuluWaInki
Zodula mizerezi ndikuzimvetsa. Pa makina akale mzere wogawa danga unali kachitsulo kenikeni, kuti chilengezo chitambalale madanga awiri umayenera kukadula. Osindikiza sankakondwa nazo.

Chitsulo77
Ine zonsezi sizikundikhudza. Vuto langa ndi bodza. Amalemba kuti mtengo unali wakuti, tsopano watsika, ukafufuza upeza kuti mtengo wakalewo sunakhalepo. Tsiku lina ndinaona firiji m'nyuzi pa mtengo wabwino, ndinafika pa sitolo asanatsegule, ndinali wachitatu pamzere. Kulowa, akuti zatha bwana, koma ilipo iyi yokwererapo pang'ono. Zatha nthawi yanji? Wanamaker wanuyo ngati ndiye anayambitsa zimenezi, anatilakwira.

MphunzitsiOpuma
Achimwene, pamenepo mukumunamizira. Chimene chinamutchukitsa Wanamaker ndi chosemphana ndi zimenezo. Nthawi imeneyo kugula kunali kunenerera, mtengo unkadalira nkhope yako ndi zovala zako. Iye ankalengeza m'nyuzi kuti mtengo ndi umodzi kwa aliyense, walembedwa pa katunduyo, ndipo ngati sunakhutire bweza utenge ndalama yako. Mu 1880 analemba ntchito John E. Powers kuti azingolemba zotsatsa malonda basi, ntchito imene kale eni sitolo ankangoigwira okha akapeza mpata. Powers ankalemba ngati munthu akukuuza nkhani pakhonde: mawu afupiafupi, zilembo zosavuta kuwerenga, opanda zithunzi, opanda kutamanda. Nkhani imene imakambidwa kwambiri ndi ya mataye. Anafunsa woyang'anira gawo ngati anali abwino, atayankhidwa kuti si abwino kwenikweni, iye analemba zomwezo m'nyuzi, kuti si abwino monga akuonekera koma pa masenti 25 ndi okwanira. Akuti anatha onse. Anthu ankatsegula nyuzi kufuna kuona kuti lero Powers wanena chiyani.

Chitsulo77
Ndiye anakhalitsa pantchito munthu wonena zoona chotero?

MphunzitsiOpuma
Ayi. Anali wosamva za munthu, ankakangana ndi bwana wake. Anachotsedwa mu 1883, anaitanidwanso, n'kuchokeratu mu 1886.

Chitsulo77
Mwaonatu. Chilungamo m'sitolo chinakhala zaka 6 zokha kkkk.

Nachisale_Area25
A Chitsulo, nanunso mumafuna firiji yotchipa n'chifukwa munalawira. Ogulafe tili ndi mbali yathu pa bodzali.

AnaPhiri_Leeds
Asisi mwanena zoona, ndipo umboni wake ndi waposachedwa. Ku America sitolo ya JCPenney inatenga Ron Johnson, amene ankayendetsa masitolo a Apple, kuti aitsogolere. Mu 2012 iye anati basi, tisiye zokweza mtengo n'kumautsitsa mwachiphamaso, tisiye timakuponi todula m'nyuzi, tingoika mtengo wotsika weniweni tsiku lililonse. Ogula anathawa. Malonda anatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi m'chaka chimodzi, ndipo mu April 2013 anamuchotsa. Makuponi anabwerera. Munthu amafuna kumva kuti wapambana, kuti wagula pa 20 chinthu cha 40, ngakhale mumtima akudziwa kuti 40 ija inali yongolemba.

Chitsulo77
Kukonda shuga sikutanthauza kuti wogulitsa azithira mchenga. Mtengo wabodza ndi nkhani ina, katundu amene kulibe ndi nkhani ina. Ine ndinataya ndalama ya minibasi.

MphunzitsiOpuma
Dandaulo lanu ndi lakale, achimwene. Mu 1911 magazini ya otsatsa malonda yotchedwa Printers' Ink inalemba chitsanzo cha lamulo loletsa kunama potsatsa malonda, ndipo zigawo zambiri za America zinalitengera. Mabungwe a Better Business Bureau anayamba cha mu 1912 pa nkhani yomweyi. Bodza linalinso mbali inayo: eni nyuzi ankanama chiwerengero cha makope amene amagulitsa kuti alipiritse masitolo ndalama zambiri. N'chifukwa chake mu 1914 kunakhazikitsidwa Audit Bureau of Circulations, yowerenga makope enieni.

MkuluWaInki
Zonama makopezo musazikambe mokweza, ena tingatsokomole.

Gogo_Ndirande
Ine masamba a masitolowo ndimawakonda. Pepala lake limakhala lolimba, ndimayala m'kabati ya mbale. Anawa akamapita kusukulu ndimakutira makope.

Dzombe
Agogo, wa chiwaya wa kwathu amakana masamba amitundumitunduwo, akuti inki imamatirira ku tchipisi. Amafuna tsamba la nkhani za ndale, akuti limamwa mafuta bwino.

Nachisale_Area25
Zokulungira chakudya m'nyuzi muzisiye ndithu, inki si ndiwo. Ine mandasi ndimayendera kontena yanga.

Gogo_Ndirande
Mwana wanga, takula tikudya usipa wokulunga m'nyuzi, tilipobe.

WakuJoni
Agogo anga ankapichirira fodya wa chingambwe. Sankadziwa kuwerenga koma nyuzi m'nyumba simkasowa.

Kamtedza
Abale tabwererani kuno, funso langa lasanduka la tchipisi. A AnaPhiri, muli ku Mangalande, kumeneko zinayenda bwanji?

AnaPhiri_Leeds
Kuno zinachedwerapo. Masitolo akuluakulu a ku London ankaona ngati kufuula m'nyuzi ndi kudzitsitsa, makasitomala ao ankawadziwa kale. Amene anagwedeza zinthu ndi Harry Gordon Selfridge, mzungu wa ku America amene anagwira ntchito zaka pafupifupi 25 pa sitolo ya Marshall Field ku Chicago. Anatsegula Selfridges pa Oxford Street pa 15 March 1909, ndipo sabata imeneyo anadzaza masamba athunthu m'nyuzi zikuluzikulu za dziko lonse, ndi zithunzi zojambulidwa ndi akatswiri odziwika, ena a magazini ya Punch. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa masambawo sankakamba za mitengo. Ankangoitana anthu kuti bwerani mudzacheze, mudzaone, palibe adzakukakamizeni kugula. Kwa mayi wamba wa ku London zinali zachilendo, chifukwa m'masitolo ena ukalowa osagula woyang'anira ankakuonetsa khomo. Harrods, sitolo ina yaikulu ya ku London, itaona zimenezi inakonza chikondwerero chake chokumbukira zaka 60 sabata yomweyo.

Munthuyu ankadziwanso kupeza malo m'nyuzi osalipira. Louis Blériot atawoloka nyanja kuchoka ku France kufika ku England pa ndege pa 25 July 1909, m'mawa mwake ndegeyo inali itaikidwa m'kati mwa Selfridges, khamu likudzaona kwa masiku anayi. Atolankhani akanaleka bwanji kulemba? Kuyambira 1912 mpaka 1939 ankalipiranso kadanga m'nyuzi ya The Times kosainidwa ndi dzina lakuti Callisthenes, kolembedwa ngati ndemanga ya mkonzi pa nkhani zosiyanasiyana, koma kali ka sitolo.

A Kamtedza mukudandaula za masamba apakati. The Times tsamba lake loyamba linali la timalonda ting'onoting'ono mpaka May 1966. Nkhani zinali m'kati.

Kamtedza
Kadanga ka Callisthenes ndi kamene kakundiopsa. Ngati sitolo ikulemba ngati mkonzi, ndipo ikulipira malipiro a mkonzi, nyuziyo ingalembe zoipa za sitoloyo?

MkuluWaInki
Mwafika pa chilonda. Sindinaonepo mwini sitolo akubwera kudzalamula kuti nkhani iyi ichoke. Sizifunika. Aliyense m'nyumbamo amadziwa kuti masamba a Lachisanu amalipira ndani. Nkhani ya antchito a sitolo amene akudandaula za malipiro imafika pa tebulo, wina amangoti tiyeni tiyambe tamva mbali ya kampani, kampani siyankha, sabata yatha, nkhani yazizira. Palibe waletsa, koma siinatuluke.

Mtolankhani_Wachinyamata
Madala, ndi ulemu wonse, si nyuzi zonse. Ife tinalembapo nkhani ya sitolo ina yogulitsa zakudya zodutsa masiku, anachotsa malonda ao miyezi ingapo, mkonzi sanagwedezeke. Anabwerera okha chifukwa owerenga ali kwa ife. Ndipo kusankha kwake n'kotani? Mukachotsa masitolo amatsala ndani? Boma ndi zilengezo za matenda, makampani a foni, mabanki. Ine bola wa maketulo kusiyana ndi nduna.

Dzombe
Zilengezo za matenda? Kolera?

Mtolankhani_Wachinyamata
Matenda a makontirakiti inu, musandipusitse kkkk.

MphunzitsiOpuma
Anthu anayesapo nyuzi yopanda malonda. Mu 1940 ku New York Ralph Ingersoll anayambitsa nyuzi yotchedwa PM, imene inkakana chilengezo chilichonse cholipira kuti pasakhale woiuza zolemba. Mukudziwa amene ankaipatsa ndalama? Marshall Field III, mdzukulu wa mwini sitolo ya ku Chicago ija. Chuma cha sitolo chinkalipirira nyuzi yokana masitolo. Chinanso, owerenga ankafunabe kudziwa za mitengo, moti PM inkalemba yokha ngati nkhani kuti masitolo akutsitsa chiyani. Inkangoluza. Mu 1946 inayamba kulandira malonda, Ingersoll anatula pansi udindo, ndipo mu 1948 inagulitsidwa dzina n'kusintha.

Nachisale_Area25
Pamenepa ndi pamene amuna a pagulu pano simukuona. Mukuyankhula ngati tsamba la mitengo ndi zinyalala zotchinga nkhani. Kwa munthu amene amagwira ndalama ya pakhomo, mtengo wa mafuta ophikira ndi nkhani kuposa zimene wanena phungu. Ine tsamba limene a Kamtedza akudana nalo ndi limene ndimayamba, ndimalemba pa kapepala, ndimayerekeza ndi kumsika.

AnaPhiri_Leeds
Ndipo masitolo ankadziwa zimenezo kalekale. Ogula ao ambiri anali amayi, ndiye ankafuna nyuzi yofika m'nyumba, osati yotsala ku ofesi. Nyuzi zamadzulo ndi za Lamlungu zinanenepa nazo ndalama zimenezi, ndipo masamba a amayi, a mafashoni ndi zophika, anakula kuti malondawo akhale ndi oyandikana nao. Olemba ena otchuka analinso amayi. Bernice Fitz-Gibbon analembera Macy's mawu oti kusamala ndalama ndi nzeru, kenako atapita ku Gimbels, sitolo yopikisana nayo, analemba oti palibe ndi mmodzi yemwe amene amatchipitsa kuposa Gimbels. Anali mmodzi mwa amayi olandira ndalama zambiri pa ntchito imeneyi.

Chitsulo77
Mayi mmodzi kutamanda masitolo awiri odana. Ndiye tikhulupirire uti?

WakuJoni
Wanamaker mwamutchula uja si amene ananena kuti theka la ndalama zimene amaononga potsatsa malonda zimangopita pachabe, koma sadziwa kuti ndi theka liti?

MphunzitsiOpuma
Mawuwo amamuika m'kamwa iyeyo, ena amati ananena ndi Lord Leverhulme wa sopo wa Sunlight. Chimene chili chodziwika n'chakuti sitolo inali ndi mwayi woyesa kuposa wogulitsa sopo. Ukalengeza magolovesi Lachinayi madzulo, Lachisanu masana wadziwa kale ngati chilengezo chagwira, ungoyang'ana pa kauntala. Wanamaker analinso munthu wa tchalitchi kwambiri, sankatsatsa malonda m'nyuzi za Lamlungu.

Mlendo_waZomba
Mukungokamba za azungu a ku America ndi ku Ulaya. Ku Japan sitolo ya Mitsukoshi inalengeza m'nyuzipepala kumayambiriro kwa January 1905 kuti ikusanduka sitolo ya zigawo ngati za ku America, ndipo chilengezo chimenecho amachitenga ngati chiyambi cha masitolo otere m'dzikomo. Koma makolo a sitoloyo, ogulitsa nsalu otchedwa Echigoya, anali atayamba kale m'zaka za m'ma 1680 kugawa timapepala tonena kuti kwao ndi kashi, mtengo umodzi, palibe kunenerera. Zaka pafupifupi 200 Wanamaker asanatsegule Grand Depot.

Dzombe
Aphunzitsi agoletsedwa chigoli cha mutu.

MphunzitsiOpuma
Funso linali la tsamba la nyuzipepala, osati timapepala togawa pamanja. Chigoli chimenecho ndi ofusayidi.

Kamtedza
Nanga kwathu kuno? Mandala, Kandodo, PTC?

MkuluWaInki
Mandala ndi African Lakes, kampani ya ku Scotland ya 1878, ndipo nyuzi ya atsamunda inayamba mu 1895 ngati Central African Planter, pambuyo pake n'kudzakhala Nyasaland Times, kholo la Daily Times ya lero. Koma nyuzi imeneyo inkalembedwera azungu a m'maesiteti ndi a m'boma, malonda akenso ankalankhula ndi iwowo. Agogo athu ankadziwa za katundu poona pa shelefu kwa amwenye ku Limbe, kapena pomva kwa wobwera kuchokera ku Joni.

Gogo_Ndirande
Kandodo tinkapita pa Khirisimasi titavala bwino. Sitinkafuna nyuzi kuti itiuze.

Nachisale_Area25
Komanso PTC ija inali ya zakudya ndi zapakhomo, si mtundu wa Selfridges. Masitolo ansanjika a zigawo enieni anthu akwathu ankawaona ku Halale ndi ku Bulawayo, monga Barbours, Meikles, Haddon & Sly.

WakuJoni
Kunonso ku Joni zinali choncho, Stuttafords, John Orr's, Garlicks, masitolo a azungu, malonda ao m'nyuzi za azungu. Koma pali chinthu chimodzi chogwirizana ndi zimene Aphunzitsi ananena poyamba. Nyuzi ya Bantu World inayamba mu 1932 ku Johannesburg, ndipo woyambitsa wake Bertram Paver anali munthu wogulitsa malo otsatsira malonda. Anaona kuti anthu akuda a m'tauni ali ndi kandalama, ndipo makampani alibe njira yowalankhulira. Nyuzi imene makolo athu a kumigodi ankaiona inabadwa chifukwa wina amafuna kuwagulitsa katundu. Stuttafords yomweyo inatsekedwa mu 2017, itakhala kuyambira 1858. Ndinadutsa pa nthambi ina masiku omaliza, mashelefu ali mbee, akugulitsa ndi zidole zovekapo zovala zomwe.

Mtolankhani_Wachinyamata
Kutsekedwa kwa masitolo otereku ndi kumene kwapha nyuzi zambiri ku America, anthu amangonena intaneti yokha. Kale mzinda uliwonse unali ndi masitolo akeake atatu kapena anayi opikisana, iliyonse ikugula masamba kuti iphimbe inzake. Atayamba kumezana, masamba anachepa. Mu 2005 kampani ya Federated, mwini wa Macy's, inagula kampani ina ya masitolo yotchedwa May, ndipo mu 2006 masitolo mazana a maina osiyanasiyana anasanduka Macy's, kuphatikizapo Marshall Field ya ku Chicago. Pamene panali otsatsa awiri panatsala mmodzi, ndipo mmodziyo poti ali m'dziko lonse anatha kumalengeza pa TV. Walmart, imene inalanda ogula ambiri, sinkadalira masamba a nyuzi ngati masitolo akale aja. Timalonda ting'onoting'ono ta nyumba ndi ntchito tinapita pa webusaiti ya Craigslist. Cha mu 2005 nyuzi za ku America zinkapeza madola pafupifupi 49 biliyoni pachaka kuchokera kwa otsatsa malonda, pofika 2020 zinali pansi pa 10 biliyoni.

MkuluWaInki
Ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Ife a nyuzi tinkaona ngati masitolo sangakhale popanda ife.

MphunzitsiOpuma
Panali nthawi imene zinkaoneka choncho. Pa 8 December 1962 osindikiza nyuzi ku New York anayamba sitalaka imene inatha masiku 114, ndipo inagwira nyengo ya Khirisimasi, pamene masitolo amadalira kwambiri masamba. Masitolo anavutika, koma anaphunziranso kugwiritsa ntchito wailesi, TV ndi makalata opita m'nyumba. Nyuzi ndizo sizinachire zonse: New York Mirror inatsekedwa mu 1963, Herald Tribune inatha mu 1966. Nyumba ya Wanamaker ku Philadelphia inadzakhalanso Macy's, ndipo inatsekedwa mu March 2025.

Kamtedza
Ndamva zonsezi, koma sindinasinthe maganizo. Ngati sitolo ikulipira, chabwino, aonjezere masamba nkhani zikwane. Osati kundidulira nkhani ya kukhoti.

Mtolankhani_Wachinyamata
Pepala losindikizira limachokera kunja akulu, limafuna ndalama zakunja. Masamba saonjezeka limodzilimodzi, amayenda anayianayi. Mkonzi akapempha anayi ena amafunsidwa kuti alipira ndani.

Chitsulo77
Pano masitolo amangotumiza timapepala ta mitengo pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mwezi watha ndinalandira ka firiji ija ija.

Nachisale_Area25
Mwapitanso?

Chitsulo77
Ndinayamba ndaimba foni. Akuti ilipo imodzi, ya pa chionetsero, chitseko chake n'chophwanyika pang'ono.

Dzombe
Akanalemba zomwezo ngati Powers, bwenzi mutagula.

Gogo_Ndirande
Amene ali ndi nyuzi zakale za masamba olimbawo asataye, sukulu ikutsegulira sabata ya mawa ndipo makope ndi ambiri. Ndili kufupi ndi msika, nditumiza mwana adzatenge.